Chimfine Chabuka M'dera: Ndikabayitse Katemera Kapena Nthawi Yatha?

Inu amene muli kudimba wailesi ili pachitsa, inu amayi amene mukusonkha moto, inu adalaivala amene muli pamsewu, takulandirani nonse.

Lero tikambirana za chimfine. Sindikunena chimfine cha masiku onse chija ayi. Ndikunena chimfine chachikulu, chimene achipatala amati fuluwenza. Funso lathu lalikulu ndi ili. Matendawa akabuka m'dera, anthu n'kuyamba kugwa nyumba ndi nyumba, kodi munthu akabayitse katemera, kapena nthawi imakhala itatha kale?

Yankho ndiperekeretu, kuti amene atsike minibasi nkhani isanathe atsike nalo. Nthawi imakhala isanathe. Koma katemera safuna wozengereza. Ndipo poganizira nkhaniyi, musangoyang'ana thupi lanu lokha. Yang'anani anthu amene mumagona nawo nyumba imodzi.

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timazitchula dzina limodzi.

Chimfine wamba tonse timachidziwa. Chimabwera monyang'wa. Lero kukhosi kukuyabwa, mawa mamina, mkuja kuyetsemula. Munthu amalima nacho, amagulitsa nacho pamsika, amapita nacho kuukwati. Fuluwenza siitero. Imagwetsa munthu mwadzidzidzi. Bambo wadzuka bwinobwino m'mawa, wamwa tiyi, wapalasa njinga kupita kuntchito. Pofika masana akunjenjemera. Thupi latentha, mutu ukuwawa ngati ung'ambika, m'thupi monse mwaphwanya, chifuwa chouma chayamba. Madzulo wabwera atakwezedwa pa kabaza, njinga yake waisiya kuntchito. Amagona masiku angapo osadzuka, ndipo kufooka kumatha kumutsatira kwa milungu.

Mwamva zizindikiro zimenezo? Ambiri mwanena kale mumtima kuti amenewo ndi malungo. Apa m'pamene timasocherera. Malungo ndi fuluwenza zimayamba mofanana kwambiri. Simungazisiyanitse pogwira pamphumi. N'chifukwa chake thupi likatentha, choyamba n'kukayezetsa magazi. Kadontho kamodzi ka pachala kamanena ngati ndi malungo. Mukangomwa mankhwala a malungo a LA mongoganiza, pamene vuto ndi fuluwenza, mwataya mankhwala ndipo matenda ali pomwepo.

Nanga matendawa amayenda bwanji?

Taganizani minibasi ya m'mawa mwezi wa Juni. Kunja kukuzizira, mawindo onse atsekedwa. Pampando wa anthu atatu mwakhala anayi. Kumbuyo wina wayetsemula osatseka pakamwa. Timadontho tosaoneka tamwazika m'galimoto monse. Yemweyo wapukuta mphuno ndi dzanja, watulutsa ndalama, wapatsira wapatsogolo pake kuti ifike kwa kondakitala. Ndalamayo yadutsa m'manja mwa anthu angapo. Mmodzi mwa iwo wadzitikita m'maso. Basi, kachilombo kapeza nyumba yatsopano.

Chimodzimodzi pa siwa, pamene timagona mothithikana usiku wonse. Chimodzimodzi m'kalasi mwa ana, m'tchalitchi, mumzikiti, m'nyumba zogona ana asukulu. Ndipo chovuta n'chakuti munthu amatha kuyamba kupatsira anzake tsiku limodzi iye asanadzimve kudwala. Ndiye mawu akuti "ine ndimapewa odwala" sakwanira. Wokupatsiraniyo akhoza kukhala akuseka nanu, ali bwinobwino.

Mwina wina akuti, "Aaa, chimfine n'chimfine basi, chinapha ndani?"

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, fuluwenza inazungulira dziko lonse lapansi. Inapha anthu ochuluka kuposa amene anafera kunkhondoko. Ku South Africa inasesa anthu miyandamiyanda m'milungu yochepa chabe. Kuno kwathu, nthawi imeneyo kukutchedwa Nyasaland, inafikanso chakumapeto kwa chaka chomwecho, pamene asilikali ndi amtengatenga ankabwerera m'midzi mwawo. Makolo athu analibe pothawira. Kachilombo koyambitsa matendawa kanali kasanadziwike n'komwe. Akatswiri anadzakapeza mu 1933, ndipo katemera anadzabwera pambuyo pake. Mu 2009 mtundu wina watsopano unazunguliranso dziko, ambiri mukukumbukira dzina lija la chimfine cha nkhumba.

Sindikunena kuti chaka chilichonse chidzakhala ngati 1918. Zaka zambiri fuluwenza imadutsa, anthu ambiri n'kuchira okha. Koma ngakhale m'chaka wamba imapha, ndipo imapha mobisala. Imafooketsa mapapo, chibayo n'kulowa. Imalemetsa mtima umene unali wodwala kale. Pamaliro timangomva kuti, "Agogo anangodwala chifuwa masiku ochepa." Dzina la fuluwenza silitchulidwa.

Tsopano tifike pa katemera. Amagwira ntchito bwanji?

Katemera wa jakisoni amapangidwa kuchokera ku kachilombo kakufa, kapena ku tizidutswa take. Kachilombo kakufa sikangaswane m'thupi. Ntchito yake n'kudziwitsa asilikali a m'thupi kuti mdani amaoneka chonchi. Asilikaliwo amakonzeka. Kachilombo kamoyo kakadzabwera, kamapeza akukadikira.

Koma mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kukonzekako kumatenga pafupifupi milungu iwiri. Ndibwereze. Milungu iwiri. Mukabayitsa lero, mawa simunatetezeke.

Ndiye wina afunsa, "Ngati ndi choncho, matenda afika kale kwa aneba, ndivutikiranji?"

Alimi mukudziwa za moto wolusa wa m'chilimwe. Wanzeru amalambula m'mbali mwa nkhalango yake udzu usanaume. Koma tinene kuti simunalambule, ndipo utsi waoneka kutsidya kwa dambo. Kodi mumakhala pansi n'kunena kuti ndachedwa? Ayi. Mumatenga khasu n'kuthamanga, chifukwa moto sunafike. Chimene simungachite n'kuyamba kulambula malawi ali kale m'mitengo yanu.

Fuluwenza ikabuka, siitha mlungu umodzi. Imayendayenda m'dera kwa milungu yambiri, nthawi zina miyezi. Komanso m'nyengo imodzi mumatha kuyenda mitundu ingapo ya kachilomboka, wina kutsogola, wina kutsatira. Wobayitsa lero akhoza kupulumuka ku funde la mwezi wamawa. Ngakhale amene wadwala kale n'kuchira akhoza kupindulabe, popeza mtundu umene unamugwira si wokhawo. Choncho nthawi yabwino koposa ndi matenda asanabuke. Nthawi yotsatira apo ndi lero.

Tipite pa funso lachiwiri. Ndani ayenera kukhala patsogolo?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limatchula magulu amene fuluwenza imawazunza kwambiri. Sindiwerenga ngati kaundula. Tingolowa m'nyumba mwanu momwemo tiwaone.

Kodi muli agogo m'nyumbamo? Chitetezo cha m'thupi chimatsika ndi ukalamba. Chimene kwa mdzukulu ndi masiku atatu a pabedi, kwa agogo chikhoza kukhala chibayo.

Kodi muli mayi woyembekezera? Pathupi pamasintha kapumidwe ndi chitetezo cha mayi, ndiye fuluwenza imamugwira mwamphamvu. Ndipo pali china chokoma apa. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi sabayidwa katemerayu. Koma mayi akabayitsa ali woyembekezera, chitetezo china chimadutsira kwa mwana ali m'mimba, n'kumusunga m'miyezi yake yoyamba. Jakisoni mmodzi, anthu awiri.

Kodi muli ana aang'ono osakwana zaka zisanu? Kodi muli wina wa mphumu, wa shuga, wa mtima, wa chifuwa chachikulu? Kodi muli wina amene ali ndi kachilombo ka HIV? Onsewa ali pamzere woyamba. Kumwa ma ARV sikuletsa kubayitsa katemera wa jakisoniyu. Ndipo tisaiwale anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo, amene tsiku lonse amapuma mpweya umodzi ndi odwala.

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata amphamvu zanu, inu amene mumati, "Ine chimfine sichindigoneka." Mwina n'zoona. Koma madzulo mumabwerera kuti? Mumadya mbale imodzi ndi ndani? Mumanyamula mwana wa ndani? Inuyo ndi amene mumayenda m'tauni, m'misika, m'maminibasi. Agogo sachoka pakhonde. Kachilombo kakawapeza pakhondepo, kabwera ndi munthu. Ndiye funso lisakhale lakuti, "Kodi ine ndingapirire?" Funso likhale lakuti, "Ndikabwera nako kunyumba, kakagwera ndani?"

Tiyeni tsopano timve zimene anthu amanena pokana. Zina mwa izo n'zomveka, ndipo ziyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Woyamba akuti, "Mnzanga anabayitsa, mawa lake anadwala. Katemera ndiye anamudwalitsa." Zoona zake n'zakuti pamkono pamatha kuwawa, thupi limatha kutentha pang'ono kapena kuphwanya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amenewo ndi asilikali aja akuphunzira ntchito. Koma jakisoniyo sangapereke fuluwenza, popeza mulibe kachilombo kamoyo. Nanga mnzanuyo chinamugwetsa n'chiyani? Kumbukirani milungu iwiri ija. Nthawi ya mliri, ambiri amapita kukabayitsa kachilombo katalowa kale m'thupi, kasanaonekere. Kakaonekera, mlandu umagwera jakisoni.

Wachiwiri akuti, "Ine ndinabayitsa koma ndinadwalabe chimfine." Apa tinene chilungamo. Katemerayu sateteza kotheratu. Zaka zabwino amachepetsa mpata wodwala ndi pafupifupi theka. Zaka zina safika apo. Komanso tizilombo toyambitsa chimfine wamba ndi tambirimbiri, ndipo katemerayu sakhudzana nato. Koma wobayitsa akadwala fuluwenza, kawirikawiri matenda amapepuka. Kugona kunyumba masiku ochepa n'kosiyana ndi kugonekedwa m'chipatala ndi chibayo, abale akuvutika ndi thiransipoti yobweretsa chakudya.

Wachitatu akuti, "Ndinabayitsa chaka chatha, bwanji akufunanso chaka chino? Si malonda amenewa?" Funso labwino. Katemera wa chikuku mwana akamaliza, amakhala nacho chitetezo kwa zaka zambiri, chifukwa kachilombo ka chikuku sikasinthasintha. Ka fuluwenza kamasintha maonekedwe pafupipafupi. N'chifukwa chake akatswiri a WHO amakumana kawiri pachaka kuti aone mitundu imene ikuyenda. Mu Febuluwale amasankhira mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi. Mu Sepitembala amasankhira mayiko a kummwera. Akatero, mafakitale amapanga katemera watsopano wa nyengo ikubwerayo. Kuwonjezera apo, chitetezo cha katemera wa chaka chatha chimakhala chitatsika.

Wachinayi akuti, "Ine ndili ndi ndimu, jinja, adyo ndi uchi. Ndimafukiza masamba a bulugamu." Palibe akukuletsani. Madzi ofunda a ndimu ndi uchi amafewetsa kukhosi, nthunzi imatsegula mphuno. Kungoti uchi musapatse mwana wosakwana chaka, ndipo madzi owira akhale kutali ndi ana. Koma zimenezi zimangopepuza ululu. Siziphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo.

Ndiye pali wachisanu, amene wamva uthenga wa mawu pa WhatsApp. Akuti katemera amatseka mimba. Akuti ndi chizindikiro cha chilombo. Akuti obayitsa onse afa pakatha zaka ziwiri. Anzanga, uthenga umenewu tinaumva kale nthawi ya Covid-19. Zaka ziwiri zija zinadutsa. Tayang'anani m'mudzi mwanu. Amene anabayitsa aja alipo, akulima, ndipo ena abereka ana. Wolankhula mu uthengawo simukumudziwa dzina, simukudziwa kwawo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mukumudziwa, ana ake amaphunzira ndi anu. Mukhulupirira uti? Akulu anati safunsa anadya phula. Ngati mtima ukukayika, kafunseni amene mungathe kubwererako mawa kukamufunsanso.

Nkhani ya Covid-19 yomweyo ili ndi phunziro lina, lokhudza nthawi. Mu Meyi 2021, boma linatentha katemera pafupifupi 20,000 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa masiku ake anali atatha. Katemerayo anafika atatsala ndi masiku ochepa, komanso anthu ambiri ankazengereza chifukwa cha mphekesera. Sipanapite nthawi, matenda anakweranso m'miyezi yozizira. Anthu anathamangira kuzipatala, koma katemera anali atatha m'dziko. Pamene analipo, tinkakayika. Pamene tinamufuna, kunalibe. Covid-19 ndi fuluwenza ndi matenda osiyana, koma khalidwe lathu ndi lomwelo. Timadikira mpaka maliro amveke pafupi.

Tsopano tinene za m'thumba, chifukwa sitingakambe ngati zonse n'zaulere.

Kuno kwathu katemera wa fuluwenza sali pa mndandanda wa akatemera amene ana amalandira kusikelo. Kawirikawiri amapezeka m'zipatala zina zolipira, makamaka m'mizinda. Ndiye musanawononge ndalama ya thiransipoti, yambani mwafunsa kuchipatala chapafupi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Mukamupeza, funsani ngati ndi wa nyengo ino, ndipo onani tsiku lake lothera. Musalole kubayidwa ndi munthu woyenda ndi chikwama m'makwalala. Katemera amasungidwa mozizira, akatenthedwa ndi dzuwa mphamvu zimatha.

Ngati ndalama ikukwana munthu mmodzi yekha m'banja, khalani pansi mukambirane. Ayambe ndi amene matendawa angamugwetse kwambiri. Mwina ndi mayi woyembekezera. Mwina ndi agogo a mphumu. Wandalama asadziyike patsogolo chifukwa choti ndalamayo ndi yake.

Kwa abale athu amene muli ku Joni, kumeneko nyengo ya fuluwenza imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi, ndipo katemera amafika m'mafamase ndi m'makiliniki nyengoyo isanayambe. Ambiri mumagona angapo chipinda chimodzi, ndipo tsiku limene simunapite kuntchito ndi tsiku lopanda malipiro. Werengerani nokha, jakisoni mmodzi ndi mlungu wathunthu wogona, chodula n'chiti? Inu a ku Britain, nyengo yanu imayamba chakumapeto kwa chaka, ndipo ambiri mumagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwayi wobayitsa ukaperekedwa, musaunyalanyaze.

Nanga amene katemera sangamupeze n'komwe, angotaya mtima? Ayi. Zilipo zimene zili m'manja mwathu tonse. Sambani m'manja ndi sopo. Poyetsemula, tsekani pakamwa ndi mkati mwa chigongono. Tsegulani windo la minibasi ngakhale pang'ono, anthu adandaule za mphepo koma mpweya uziyenda. Mwana akadwala, asapite kusukulu. Inu mukadwala, pepesani kumaliro ndi kutchalitchi, anthu amvetsa. Khanda lisapsompsonedwe ndi aliyense wobwera kudzaona chikuta. Ndipo amayi, tsegulani kabuku ka kusikelo muone ngati mwana anamaliza akatemera ake. Kuyambira 2011 ana m'dziko muno amalandira katemera wa chibayo, waulere. Popeza fuluwenza imatsegulira chibayo khomo, katemera ameneyo ndi thandizo lalikulu.

Chomaliza, tinene za amene wadwala kale.

Katemera si mankhwala ochiza. Ndibwereze. Katemera sachiza amene wagona kale. Ngati thupi latentha kwambiri, yambani mwachira, mukabayitse pambuyo pake. Ngati munadwalapo moopsa mutabayidwa katemera wina, kapena thupi lanu limadana kwambiri ndi mazira, auzeni achipatala asanakubayeni, popeza akatemera ambiri a fuluwenza amapangidwira m'mazira a nkhuku.

Wodwala apume, amwe madzi ambiri, amwe panado kuti thupi lizizire. Ana musawapatse asipirini. Ndipo tisiye chizolowezi chothamangira kugolosale kukagula makapisozi a amoxicillin kapena bactrim. Mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, kachilombo ka fuluwenza sakakhudza. Adokotala okha ndi amene angaone ngati chibayo chalowa ndipo akufunika.

Koma pali zizindikiro zosafuna kudikira kuti kuche. Munthu akubanika kapena akumva kuwawa pachifuwa. Mwana akupuma mothamanga, nthiti zikulowa mkati, akukana kuyamwa. Agogo ayamba kulankhula zosokonekera kapena sakudzuka bwino. Wodwala anayamba kupeza bwino, kenako thupi latenthanso ndipo chifuwa chakula. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani. Ndipo amene ali m'magulu aja tatchula asadikire kuti zifike pamenepo, apite kuchipatala matenda akangoyamba.

Omvera athu, tiyeni timange mtolo wathu. Fuluwenza si chimfine wamba, ndipo thupi likatentha tiyambe tayezetsa malungo. Matenda akabuka m'dera, nthawi yobayitsa imakhala isanathe, koma chitetezo chimadikira milungu iwiri, ndiye tsiku lililonse lozengereza likuchotsedwa kwa inu. Katemera sateteza kotheratu, koma amachepetsa kudwala ndipo amapepuza matenda. Chisankho n'chanu, palibe wokukokani mkono. Koma chisankhocho chikhudza anthu ena amene sangathe kudzisankhira, khanda ndi nkhalamba.

Ndiye ntchito ya lero nayi. Madzulo ano mukamadya nsima, werengani anthu amene azungulira mbaleyo. Ndani woyembekezera? Ndani wokalamba? Ndani amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku? Mukawapeza, mawa m'mawa pitani mukafunse achipatala kuti katemera akupezeka kuti, ndipo ndani mwa anthu anuwo ayambe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.